Tsiku Limene Anabwera Kudzalira Mwana Wanga Ali Moyo

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba m'mawa, sabata yachiwiri ya mwezi wa Juni, chaka chija manachesi anabereka mpaka nthambi kuthyoka. Dandaulo lachiwiri ndinalipereka Lachisanu la sabata yomweyo. Dandaulo lachitatu ndinalitumiza ku Blantyre kudzera kwa kondakitala wa minibasi, ndipo ndinamusainitsa kuti walandira. Mapepala a kaboni a makalata atatu onsewa ali m'chikwama changa chakale, ndipo wokayika aliyense abwere adzawaone. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti zimene ndikukuuzanizi si nthano ayi, ndi zoona, zinachitika pakhomo panga kuno kwa Kanduku, ine ndikuona ndi maso angawa. Mayina sinditchula, ngakhale ambiri ndikuwadziwa, chifukwa kutchulana mayina pagulu ndi kumene kunatsala pang'ono kundiphera mwana.

Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri pamsika wogula mbewu, ndipo ntchitoyo inandisiyira khalidwe limene ndinkaliyesa nzeru: sinditaya pepala. Makadi a sikelo a ana anga ndili nawo, kalata ya ukwati wanga ilipo, ngakhale timabuku ta kuchipatala ta malemu mkazi wanga ndinatimanga ndi mphira n'kutisunga. Ana anga anakula akundimva ndikunena, mwina tsiku ndi tsiku, kuti nkhani ya pakamwa ndi mphepo koma cholembedwa sichinama. Mawu amenewa muwasunge, mudzawamvanso kutsogoloku.

Mwana wanga wamkazi wachiwiri ndi amene ndimakhala naye. Mwamuna wake anamwalira asanapatsidwe mphatso ya mwana, koma anamusiyira mitengo ya manachesi imene anabzala kumunsi kwa mudzi, m'mbali mwa kamtsinje. Nyengo ya manachesi ikafika, mwanayu ankathyola, n'kulongedza m'madengu, n'kupita nawo ku boma kukagulitsa m'mbali mwa msewu, paja pamandanda mathiraki opita ku Mozambique. Anali munthu wa phwete, woimba kwaya, woti akaseka kudimba ine ndinkamumva ndili pakhonde. Tsiku lina kukuzizira, kamvula kakuwaza, anasowa kabaza woti amunyamulire madengu kuchokera pamphambano, ndipo dalaivala wina wa thiraki, amene ankamugula manachesi kawirikawiri, anamukweza pamodzi ndi katundu wakeyo. Mukudziwa kutalika kwa thiraki. Potsika, chitenje chinakodwa pachitseko n'kumasuka, ndipo wina amene anali chapafupi, m'malo moyang'ana kumbali monga anthu olongosoka amachitira, anakweza foni n'kujambula.

Tsono kuno tili ndi gulu la pa foni la ana a kwathu, limene muli anthu a m'midzi muno pamodzi ndi amene ali ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Tete ndi ku Joni. Analiyambitsa kuti tizidziwitsana za maliro ndi za chitukuko, lili ndi komiti yake ndi wapampando wake, ndipo anthu amalikhulupirira, chifukwa masiku ano uthenga wa maliro sutumidwanso munthu wa pa njinga, umangolowa m'gulumo. M'menemo ndi mmene munaponyedwa chithunzi cha mwana wanga, pansi pake atalembapo kuti onani malonda enieni a amayi a manachesi. Kodi mukuganiza kuti panapita nthawi? Dzuwa lisanalowe, anthu amene sanamuonepo chibadwire anali atagamula kale kuti ndi wachiwerewere, kuti mwamuna wake anamupha ndi matenda a m'mathiraki, kuti n'chifukwa chake alibe mwana. Ena anatenga nambala yake n'kumamutumizira yekha mauthenga, kumufunsa mtengo.

Mwana wanga anandiuza patapita masiku awiri, akulira, ndipo ananena kuti akufuna kutuluka m'gulumo, afufute zonse, ataye layini yakeyo agule ina. Apa ndi pamene ine ndinalakwa, ndipo ndinalakwa ndikudziona ngati bambo wanzeru. Ndinamuletsa. Ndinamuuza kuti akafufuta ndiye kuti wafufuta umboni, ndipo anthu amenewa adzakana kuti sanalembe kanthu. Ndinapita kugolosale kukagula kope la ana a sukulu, ndinalemba mizere ndi rula monga tinkachitira kuntchito: nambala ya uthenga, tsiku, nthawi, nambala ya foni ya wotumiza, ndi mawu ake. Koma maso anga saona tizilembo ta pa foni, ndipo zala zanga sizidziwa kupalasa pagalasi paja. Ndiye ndani akanandiwerengera? Ndi mwini wake yemweyo.

Masana aliwonse, dzuwa likapendeka, tinkakhala pakhonde, iye pamphasa foni ili m'manja, ine pampando kope lili pabondo. Iye kuwerenga, ine kulemba. Akathamanga ndinkamuuza kuti abwereze pang'onopang'ono. Mawu a Chingerezi ndinkamufunsa kalembedwe kake, a Chipwitikizi amene ankachokera kwa anyamata a kumalire ndinkati anditanthauzire, ndipo mauthenga a mawu, aja munthu amalankhula yekha, ankawaliza kawiri kuti ndisaphonye. Taganizani, anzanga, mwana wamkazi kutchula pamaso pa bambo ake mawu oti ngakhale kumowa sawatchula, ndipo akunena za thupi lake lomwe. Nthawi zina ankaima n'kunena kuti bambo, awa ndiye ayi, ine n'kumuyankha kuti umboni sausankha. Kope loyamba linadzaza, ndinagula lachiwiri.

Makalata aja ndinawalembera komiti ya gululo, kupempha kuti chithunzicho chichotsedwe, wochiponya adzudzulidwe, ndipo papepesedwe pomwepo pamene panatukwanidwira. Wachiwiri kwa wapampando ali ndi shopu ku boma, ndiye ndinapita ndekha. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anawerenga kalatayo mpaka pakati, kenako n'kuseka pang'ono n'kunena kuti madala, za pa foni sazitengera kumtima, ndi macheza chabe, mawa lomweli apeza nkhani ina. Ndinamufunsa ngati akanatero akanakhala mwana wake. Anati komiti siingachite kanthu popanda umboni wokwanira. Mawu akuti umboni anandilowa ngati mkate kwa munthu wa njala. Ndinabwerera kunyumba nditalimba mtima kuti ndidzawaunjikira umboni mpaka achite manyazi.

M'mene ine ndinali kalikiliki ndi makope, mwana wanga ankatha ngati sopo m'madzi, ine osaona. Anasiya kupita kumsewu, akuti amayi anzake ogulitsa akangomuona amagundana zigongono. Kukwaya anasiya. Manachesi anayamba kugwa okha n'kumaolera pansi. Chakudya ankangochigwiragwira n'kuchivundikira, kusamba mpaka ndimukumbutse, ndipo nthawi zambiri ndinkamupeza atakhala m'nyumba masanasana atayang'ana khoma. Foni ikangolira ankadzidzimuka ngati waponda njoka. Ndinamufunsa ngati ndi malungo, anati mutu basi, ine n'kumugulira mapiritsi a mutu. Munthu amene ndinkatha kuona kuti pepala lasowa m'faelo ya mapepala mazana, ndinalephera kuona kuti mwana wanga akusowa pamaso panga.

Lachinayi lina, tili m'kope lachitatu, anawerenga mauthenga angapo kenako anangoti zii. Ndinadikira, cholembera chili m'mwamba, n'kumuuza kuti apitirize, kukuda. Anawerenga ndi mawu osakwera osatsika, ngati akuwerenga za munthu wina. Unali uthenga wa maliro. Wina anatenga chithunzi chake cha kukwaya, n'kuikapo kandulo, n'kulemba dzina lake lonse ndi mudzi wathu, kuti watisiya atadwala nthawi yaitali matenda aja tonse tikuwadziwa, ndipo mwambo wa maliro uli mawa. Pansi pake ena anaika tinkhope toseka, koma ambiri, makamaka akutali, anakhulupirira n'kumalemba kuti mzimu wake uuse mumtendere. Anawerenga onsewo, mmodzi ndi mmodzi, anthu akumutsanzika. Ine ndinalemba onsewo. Ndinapsa mtima, inde, koma ndikuvomera pamaso pa Mulungu kuti pansi pa mkwiyowo panali kachimwemwe, chifukwa ndinaona kuti uwu ndiye umboni woti palibe angaukane. Ndinamufunsa nthawi imene uthengawo unalowa, n'kumuuza kuti apa ndiye tawagwira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndikusukusula kuseri, ndinamva kulira kuchokera kumsewu. Mukudziwa kulira kwa maliro, kuja munthu amayambira patali akamayandikira pasiwa kuti a pakhomo adziwe kuti wafika. Ndinaganiza kuti kwagwa zovuta kwa aneba, koma kulirako kunakhota n'kulunjika pakhomo panga, ndipo mawuwo ndinawazindikira. Anali mlongo wanga wa ku Thambani. Iye alibe foni yaikulu, anauzidwa ndi mayi wina woyandikana naye amene ali m'gulu lija, ndipo analawirira pa pikiapu yoyamba, atamanga mpango kumutu ndi chitenje m'chiuno, amayi awiri a kumpingo kwawo akumuperekeza. Ankalira akutchula dzina la mwana wanga. Anthu a m'mudzi atamva anatuluka, ena anali ataona uthenga uja dzulo lake koma akukayika, tsopano poona azakhali ake enieni akulira anati ndi zoona. Amayi anayamba kukhala pansi pabwalo, abambo awiri anali atayamba kale kutulutsa mipando yanga.

Ndinakuwa kuti ndi bodza, mwana wanga ali moyo, ali m'nyumbamu, dikirani ndimuitane mumuone. Ndinagogoda pachitseko cha kuchipinda kwake, zii. Ndinakankha. Bulangete linali lopindidwa bwinobwino, nsapato zake zili pakona, iye mulibe. Patebulo panali kope langa lachitatu, foni yake ili pamwamba pake. Nditatsegula ndinapeza kuti pansi pa mzere wanga womaliza walembapo ndi dzanja lake, motsatira ndondomeko yanga yomwe, nambala yotsatira, tsiku, nthawi, ndipo pamalo a wotumiza analemba dzina lake. Mawu ake anali ochepa: ndamva zonse, musavutikenso kulemba, bambo.

Ndakhalapo pa maliro a mkazi wanga, ndinaikapo mkamwini wanga, koma mantha ngati a tsiku limenelo sindinawamvepo. Panja pali anthu akulira maliro amene ine ndangowauza kuti ndi abodza, m'nyumba mulibe munthu woti ndiwaonetse. Kodi ndituluke ndikanene chiyani? Kuti anali abodza dzulo koma lero sindikudziwa? Ndinaima m'chipindamo nditagwira chitseko. Mlongo wanga analowa, anaona nkhope yanga, anaona bedi, ndipo kulira kwake kunaduka pomwepo. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti mantha enieni salira mokweza.

Mayi wina amene anali atangochokera kumjigo ananena kuti anamuona kukungocha akutsikira kumanachesi, wopanda dengu, atavala bulauzi yoyera ya kukwaya. Tinatsetsereka ine ndi mlongo wanga, anthu ena akutitsatira chapatali. Njira imeneyo ndi ya miyala ndipo mawondo anga ndi okalamba, koma sindikumbukira kuti ndinaponda pansi. Chimene ndimakumbukira ndi fungo la manachesi oola ndi ntchentche zili ng'waa pansi pa mitengo, ndi mlongo wanga akuitana dzina la mwanayo, osati molira tsopano, koma monyengerera, monga amaitanira mwana wobisala. Mtengo woyamba palibe, wachiwiri palibe. Tinamupeza pa mtengo womalizira, pamphepete pa phompho la kamtsinje, atakhala pansi atatambasula miyendo, ali moyo. Chimene chinali pambali pake sindichitchula. Mlongo wanga anachitola n'kuchiponya kutsidya.

Ndinamuitana, ndinamuuza kuti mwananga, zonse zija ndi zabodza, aliyense akudziwa kuti ndi zabodza. Anatembenuka, maso ali gwa, opanda msozi.

"Koma mwalemba kale, bambo," anatero. "Paja inu mumati cholembedwa sichinama."

Mlongo wanga anakhala pansi m'manachesi oolawo, anamukumbatira n'kumugoneka pachifuwa ngati khanda, akumuuza kuti iye wachokera ku Thambani kudzalira, koma abwerera ndi munthu wamoyo, afune asafune. Kenako anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, taimani uko ndi chibuku chanucho."

Ndinayang'ana m'khwapa mwanga. Kope lija linali momwemo. Ndinathamanga mtunda wonsewo kukafuna mwana wanga amene sindinkadziwa ngati ali moyo, koma umboni sindinausiye.

Tsiku lomwelo tinapita naye kuchipatala. Dokotala amene anatithandiza anali mtsikana woti angakhale mdzukulu wanga, ndipo anakhala naye awiriwiri nthawi yaitali asanandiitane. Anandifotokozera mofatsa kuti awa ndi matenda a maganizo, si ufiti, si ulesi, si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndi matenda monga ena onse ndipo amathandizika, koma amafuna nthawi ndi anthu omuzungulira. Anafunsa kuti zinayamba liti, ine pofuna kuthandiza ndinatsegula kope langa n'kumuonetsa, ndipo mwina ndinayembekeza kuti andiyamikira. Anatembenuza masamba angapo, n'kufunsa kuti popeza ndati sindiona za pa foni, ankandiwerengera ndani. Sanandikalipire. Anangonena kuti anthu aja aliyense anamutukwana kamodzi, koma pakhonde panga ankatukwanidwa kachiwiri, ndi pakamwa pake pomwe, pamaso pa munthu amene amamulemekeza kuposa onse. Ndinatseka kopelo. Ndikadakonda akadandimenya mbama.

Mwana wanga anakakhala ku Thambani kwa azakhali akewo mpaka mvula inagwa, akumwa mankhwala ndi kupita kukaonana ndi achipatala. Atabwerera sanandiimbe mlandu, ndipo chimenecho chimandipweteka mpaka lero. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti makope aja asagonenso m'nyumba imene iye akugona. Ndinati ndikawasungitse kwa mnzanga, anati ayi, akakhala kwina aliko ndithu. Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinatha sabata yathunthu ndikulimbana ndi mtima wanga. Kenako ndinawatenga onse atatu, ndinapita kuseri kwa khola la mbuzi, n'kuwayatsa, iye ataima pakhomo akuonerera. Amenewo ndiwo mapepala oyamba amene ndinawawotchapo m'moyo wanga.

Ndipo mukudziwa chinachitika n'chiyani? Patapita mwezi, wachiwiri kwa wapampando uja anandiimitsa ku boma n'kundiuza, pakamwa, ali pakhomo pa shopu yake, kuti komiti yakambirana ndipo ndi yokonzeka kumva nkhani yanga ndikabweretsa umboni wolembedwa, chifukwa mauthenga aja anafufutidwa kale m'gulumo. Ndinaseka, anzanga, kuseka kwa munthu wotopa. Ndinamuuza kuti andilembere zimenezo pa pepala. Mpaka lero sanalembe.

Papita zaka tsopano. Mwana wanga ali moyo, ndipo tsiku lililonse ndikamva akusesa pabwalo ndimathokoza. Manachesi amagulitsira kumunda konko kwa anthu opikula, kumsewu sanabwererenso. Ali ndi kafoni ka mabatani kongoimbira. Kukwaya anabwerera koma amaima kumbuyo, ndipo kuseka kuja kofika pakhonde ndimakumva mwa apo ndi apo. Masiku ena mtambo umabweranso, amakhala chete, ndipo ndinaphunzira kungokhala naye pafupi, manja anga ali opanda kanthu. Amene anajambula ndi amene analemba uthenga wa maliro akuyenda bwinobwino, ena timapatsana moni kutchalitchi. Gulu lija likadalipo, likulengezabe maliro, koma ine uthenga wa m'menemo sindinyamuka nawo mpaka munthu abwere ndi miyendo yake adzandiuze.

Chimene ndimakhulupirira tsopano ndi ichi: cholembedwa chimanama, ndipo chimanama moipa kuposa pakamwa, chifukwa miseche ya pamjigo imatha anthu akabalalika, koma ya pa foni munthu amayenda nayo m'thumba, amadya nayo, amadzuka nayo. Inu amene mumangodina kankhope koseka n'kumati sindinalembe kanthu, dziwani kuti kwinakwake kuli munthu akuwerenga mayina anu mmodzimmodzi. Ndipo inu makolo anzanga, mwana akabwera kudzakuuzani kuti akuzunzidwa pa masamba a mchezowa, musayambe ndi mlandu monga ndinachitira ine. Yambani ndi mwanayo. Muoneni ngati akudya, ngati akugona, ngati akusekabe, ndipo akayamba kuyang'ana khoma thamangirani naye kuchipatala, musadikire kulira kuchokera kumsewu. Ngati umboni ukufunika, auone wina, osati iye.

Ndatopa, ndipo zaka zanga zapita, koma nkhaniyi sinatsekedwe. Choncho, kwa wapampando ndi mamembala onse a komiti ya gulu la ana a kwathu, ine bambo wa mayi amene munalola kuti alengezedwe kuti wamwalira ali moyo, ndikupempha mwaulemu kuti makalata anga atatu, amene munawalandira ndipo umboni wa kulandira kwake ndili nawo, ayankhidwe molemba. Ndikupemphanso kuti m'gulu momwemo mmene munalowa uthenga wa maliro ake, mulowe uthenga wina wonena kuti unali wabodza ndipo mwapepesa, popeza mpaka lero palibe anaubweza. Makope a umboni musandifunse, ndinawotcha ndi manja anga. Umboni umene watsala umasesa pabwalo panga m'mawa uliwonse, ndipo sindidzalola kuti uwerengerenso munthu aliyense mawu amenewo. Ndikudikira yankho lanu.